Kusankha pulogalamu ndi mafonti oyalira masamba a Chichewa

Kwa zaka zingapo ndakhala ndikuyala masamba a zinthu zosindikiza kuno ku Luchenza: mapologalamu a maliro ndi a ukwati, timabuku ta nyimbo ta makwaya, malipoti a chuma a mipingo, mapepala a mayeso, ndiponso nthawi zina buku lathunthu la munthu amene wasonkhanitsa mbiri ya mudzi wa kwawo. Anthu ofuna kuyamba ntchito yomweyi, kaya ali ku Chitakale, ku Limbuli, ku Bvumbwe kapena pa boma la Thyolo, amakonda kufunsa kuti pulogalamu yoposa zonse ndi iti. Ine ndimawayankha kuti ayambe aganizira za chiyankhulo, chifukwa pulogalamu ndi fonti (kaonekedwe ka zilembo) zimene munthu wasankha ziyenera kusunga Chichewa bwino kuchokera pa kompyuta yake mpaka pa pepala lotuluka m'makina a wosindikiza. Dera lathu silinayambe lero kuona mabuku. Ku Makwasa, mishoni ya Malamulo yakhala ndi nyumba yake yosindikiza mabuku kwa zaka zambiri, ndipo achikulire amene anakulira m'mabuku a nyimbo a mipingo yawo amazindikira msanga tsamba losayalidwa bwino, ngakhale sadziwa dzina la fonti ndi limodzi lomwe.

Zoyenera kuyang'ana musanasankhe

Choyamba ndi w wa tsindwi, ŵ. Manyuzipepala ambiri masiku ano amangolemba w wamba, koma chilembochi chikadali m'mabuku akale a nyimbo ndi a Mawu a Mulungu, m'dzina lakuti Malaŵi monga ena amalilembera, komanso m'Chitumbuka, mmene chimapezeka pafupifupi m'ndime iliyonse. Mu Unicode, ndondomeko imene imapatsa chilembo chilichonse nambala yake pa kompyuta, nambala ya ŵ ndi 0175, ndipo ya chachikulu, Ŵ, ndi 0174. Mu Word ndi mu LibreOffice, mukalemba nambalayo n'kudina Alt ndi X, chilembocho chimatuluka. Mafonti opangidwa mosamala amakhala nacho chifukwa chiyankhulo cha ku Wales chimachigwiritsanso ntchito, koma mafonti ambiri okongoletsa, amene achinyamata amakopera pa intaneti kuti alembere makhadi a ukwati, alibe. Choopsa chake n'chakuti Word sachenjeza munthu, amangobwereka ŵ ku fonti ina mwakachetechete. Zimenezi zinandigwera pa pologalamu ya maliro a gogo wina: pa kompyuta yanga mitu ya nyimbo inkaoneka bwino, koma amene anasindikiza anatsegula fayiloyo mu pulogalamu ina, ndipo paliponse pamene panali ŵ panatuluka kabokosi. Mapepalawo anagawidwa pasiwa ali choncho chifukwa nthawi inali itatha, ndipo manyazi a tsiku limenelo sindinawaiwale.

Chachiwiri ndi nkhodolero ya m'mawu monga ng'ombe, m'mudzi ndi n'zoona. M'Chichewa kachizindikiro kameneka kamapezeka kawirikawiri moti kakalakwika, tsamba lonse limaoneka. Nkhani zambiri zimatifikira pa WhatsApp, zolembedwa ndi anthu osiyanasiyana pa mafoni osiyanasiyana, motero m'ndime imodzi mumapezeka nkhodolero yowongoka ndi yopindika zitasakanikirana. Pulogalamu yabwino iyenera kukulolani kufufuza ndi kusintha zonsezo nthawi imodzi, ndipo fonti yabwino siyenera kusiya mpata waukulu pambuyo pa nkhodolero kotero kuti ng'oma n'kumaoneka ngati mawu awiri.

Chachitatu, chimene ndimachiona kuti n'chachikulu kuposa zonse, ndi kadulidwe ka mawu kumapeto kwa mzere. Mneni wa Chichewa amatalika: mawu monga "akanadzakuthandizaninso" amatha kudzaza theka la mzere wa kabuku ka A5. Mukawongola ndime mbali zonse ziwiri popanda kudula mawu, pakati pa mawu pamatsala mipata ikuluikulu yotsetsereka ndi tsamba ngati ngalande za m'munda wa tiyi. Mukalola pulogalamu kudula yokha, imatsatira malamulo a Chingerezi, n'kulekanitsa p ndi h mu "kuphunzira" kapena n ndi g mu "pang'ono". Phatikizo la Chichewa limathera pa lembo la liwu, choncho kadulidwe koyenera ndi ku-phu-nzi-ra, ndipo magulu monga nkh, mph, nth, ts ndi ng' sayenera kugawidwa. N'chimodzimodzinso lh wa m'Chilhomwe, kwa amene amakonza zolemba za ku Chonde pa nthawi ya Mulhako wa Alhomwe. Mwa mapulogalamu onse amene ndikambe pano, palibe imene imabwera ikudziwa kale kudula mawu a Chichewa. Chofunika kuyang'ana n'chakuti kodi ikulolani kuzimitsa kudula kwa Chingerezi, n'kumaika nokha mdulamawu wobisika, amene amaoneka pokhapokha mawuwo akafika kumapeto kwa mzere. Mdulamawu wamba musaugwiritse ntchito pa zimenezi, chifukwa mukadzawonjezera chiganizo chimodzi chokha, udzapezeka uli pakati pa mzere.

Chachinayi ndi zinthu zapadera za OpenType, mtundu wa mafonti umene Microsoft ndi Adobe analengeza mu 1996. Fonti imodzi ya mtunduwu imatha kusunga zilembo zina zobisika, ndipo pulogalamu ndi imene imazitulutsa. Zambiri mwa izo ndi zokometsera chabe, koma zinayi zimagwiradi ntchito pa Chichewa. Ligature ndi kulumikiza zilembo ziwiri zimene zimagundana, ndipo kwa ife yofunika ndi fi ya mu "kufika", "fisi" ndi "mfiti", pamodzi ndi Th imene mafonti ena, monga Minion Pro, amailumikiza mu "Thyolo". Small caps ndi zilembo zazikulu zojambulidwa pa msinkhu wa zazing'ono, zimene zimathandiza kuti CCAP, MSCE kapena ADMARC zisamakuwe pakati pa ndime. Manambala a tabular ali ndi m'lifupi mofanana, kotero kuti mu lipoti la chopereka K5,000 ndi K11,150 zimafola bwino pansi pa zinzake, pamene manambala a oldstyle amakwera ndi kutsika ngati zilembo zazing'ono ndipo amakhala bwino m'kati mwa nkhani yokhala ndi zaka zambiri. Kerning ndi kukonza mpata wa pakati pa zilembo ziwiri, monga T ndi a mu "Tamandani", ndipo imaoneka kwambiri pa mitu.

Chachisanu ndi PDF yopita kwa wosindikiza. Iyenera kunyamula mafonti ake m'kati, ndipo ngati ntchitoyo ndi ya mitundu yosindikizidwa pa makina aakulu ku Blantyre, adzakufunsani za CMYK, mitundu inayi ya inki imene makinawo amagwiritsa ntchito, ndi za bleed, kutanthauza kuti chithunzi chipitirire malire a tsamba ndi mamilimita 3 kuti podula pasatsale mzere woyera.

Mafonti asanafike mapulogalamu

Pulogalamu singatulutse chimene fonti ilibe, n'chifukwa chake ndimayamba ndi fonti. Mafonti a SIL, bungwe loona za ziyankhulo, monga Charis, Gentium ndi Andika, anapangidwira ziyankhulo zokhala ndi zilembo zapadera, ndipo ali pansi pa Open Font License, imene imalola kuwagwiritsa ntchito pa malonda, kuwanyamulira mu PDF, ngakhale kupatsa wosindikiza pa flash popanda kuphwanya lamulo. Charis inachokera ku Bitstream Charter ya Matthew Carter, fonti imene inajambulidwira makina osatulutsa zilembo mosalala, ndipo n'chifukwa chake imapirira pa fotokope ya tona yotsala pang'ono kutha ndi pa pepala lotsika mtengo. Andika inapangidwira ophunzira kuwerenga, ndipo a ndi g wake amafanana ndi amene mphunzitsi wa Sitandade 1 amalemba pa bolodi. EB Garamond ndi yokongola pa buku la pepala labwino, koma mizere yake yopyapyala imazimirira ikadutsa pa fotokope kawiri.

Mafonti obwera ndi Windows ndi Office, monga Times New Roman, Calibri ndi Cambria, ali ndi ŵ, koma laisensi yake silola kuwakopera anthu ena ngati mafayilo. Georgia ndi Constantia zimatulutsa manambala okwera ndi kutsika mwachibadwa, choncho sizoyenera pepala la mayeso a masamu. Aptos, imene inalowa m'malo mwa Calibri mu Office yatsopano, sipezeka pa makompyuta akale, ndipo fayilo yolembedwa ndi fontiyi ikatsegulidwa kumeneko masamba amasuntha. Musanavomereze fonti iliyonse, lembani mzere umodzi wokhala ndi ŵ, Ŵ, ng', fi ndi manambala onse, m'zilembo wamba, zopendekeka ndi zonenepa, chifukwa mafonti ena ali ndi ŵ mu wamba mokha.

Microsoft Word

Mtengo. Word amabwera ndi Microsoft 365 yolipira chaka ndi chaka, kapena ndi Office 2024 yogula kamodzi. Malaputopu ambiri a kaunjika amafika ali ndi Office yopanda laisensi, ndipo mwini wake amazindikira pamene yayamba kukana kusunga zimene wasintha.

Kupezeka. Apa Word alibe mnzake. Mlembi wa mpingo, mphunzitsi ndi kalaliki wa ku esiteti ya tiyi onse amamudziwa, ndipo malo aliwonse a fotokope amatsegula fayilo yake.

Kasamalidwe. Kuyambira mu Word 2010, mu bokosi la Font, pa Advanced, muli ligature, kerning, manambala a tabular ndi a oldstyle. Anthu ambiri sanatsegulepo malo amenewa. Ndi bwino kuzikonza kamodzi mu style ya ndime (kaonekedwe kosungidwa kamene ndime zonse zimatsatira) m'malo moyendera tsamba lililonse. Mdulamawu wobisika umalowa ndi Ctrl ndi mdulamawu, ndipo Book fold imasanja masamba a kabuku ka A4 yopinda pakati.

Zoopsa. Word satulutsa small caps zenizeni za m'fonti, amangochepetsa zilembo zazikulu, ndipo zimatuluka zoonda poyerekeza ndi zinzake. Satulutsa CMYK, alibe njira yeniyeni ya bleed, ndipo zithunzi zimasuntha mukakhudza ndime ya pamwamba. Amene akugwiritsabe ntchito Microsoft Publisher adziwe kuti Microsoft inalengeza kuti isiya kuithandiza mu October 2026, choncho si nzeru kuyambira buku latsopano mmenemo.

LibreOffice Writer

Mtengo. Ndi yaulere, ndipo palibe akaunti yofunika. Ndalama imapita ku bandulo yokopera basi, ndipo fayilo imodzi pa flash imakwanira ofesi yonse.

Kupezeka. Imayenda pa Windows, pa Mac ndi pa Linux, ngakhale pa kompyuta yofooka. Anthu oidziwa kuno ndi ochepa, koma amene amadziwa Word amaizolowera m'masiku owerengeka.

Kasamalidwe. Pa nkhani ya zilembo, Writer amaposa Word, ngakhale ambiri sakhulupirira. Kuyambira mu 2017 amalola kuyatsa zinthu za OpenType polemba dzina lake la zilembo zinayi pambuyo pa dzina la fonti, mwachitsanzo EB Garamond:smcp kuti mupeze small caps zenizeni, kapena onum pa manambala a oldstyle ndi tnum pa a tabular, ndipo mu 2019 anawonjezera batani la Features losankhira zomwezo ndi maso. Ma style a masamba ndi olimba, kotero buku la mitu yambiri silisokonezeka msanga. PDF yake imanyamula mafonti, ndipo Brochure imasanja kabuku posindikiza.

Zoopsa. Fayilo ya Word ikatsegulidwa muno mizere imatha kusintha ngati mafonti akusiyana, ngakhale kuti Carlito ili ndi miyeso yofanana ndi Calibri, ndipo Liberation Serif ndi Times New Roman. Choopsa china n'chakuti fayilo yokhala ndi dzina la fonti lowonjezeredwa mwa njira ija ikapita kwa munthu wa Word, zinthu zapaderazo zimatayika. Monga Word, Writer si wa ntchito ya CMYK.

Scribus

Mtengo. Ndi yaulere, koma imadya nthawi. Munthu wozolowera kutayipa amadabwa kuti sangalembe chilichonse asanajambule bokosi la mawu, ndipo masabata oyamba amakhala olemetsa.

Kupezeka. Franz Schmid anaiyamba mu 2001, ndipo imagwira ntchito popanda intaneti. Onetsetsani kuti mwatenga 1.6, imene inatuluka kumayambiriro kwa 2024, kapena yatsopano kuposa pamenepo, chifukwa 1.4 yakale, imene ikadali pa ma flash a anthu ena, sidziwa zinthu zapadera za OpenType.

Kasamalidwe. Iyi ndi pulogalamu yeniyeni yoyalira masamba. Ili ndi masamba a chitsanzo, mizere yobisika yofoletsa ndime za madanga awiri, CMYK, bleed, ndi PDF/X, mtundu wa PDF umene osindikiza aakulu amaufuna. Musanatulutse PDF imakuchenjezani za chilembo chosowa m'fonti, ndipo chenjezo limeneli ndi limene likanandipulumutsa pa maliro aja. Collect for Output imasonkhanitsa zithunzi ndi mafonti m'foda imodzi, zimene zimathandiza kompyuta ikafa mwadzidzidzi ntchito n'kusamukira pa ina.

Zoopsa. Matebulo ake ndi ofooka, ndipo lipoti la chuma la masamba ambiri limavuta. Buku lalitali limaichedwetsa, choncho ndi bwino kuligawa m'mitu. Ilibe njira yake yosanjira masamba a kabuku kopinda, ndipo osindikiza ambiri sangatsegule fayilo yake, kutanthauza kuti dzina likalakwika muyenera kukonza nokha n'kutumizanso PDF. Kwa munthu wa ku Muloza amene wakwera kale minibasi kupita ku Limbe atasiya laputopu kunyumba, vuto limeneli si laling'ono.

CorelDRAW

Mtengo. Imagulitsidwa ndi ndalama zakunja, kaya kamodzi kapena chaka ndi chaka, ndipo si yotsika mtengo.

Kupezeka. M'malo ambiri osindikizira makhadi, zikwangwani ndi malaya ndi imene imalamulira, ndipo wophunzira amapeza msanga womuwongolera.

Kasamalidwe. Kuyambira mu X6 ya 2012 imatulutsa zinthu za OpenType, ndipo mukasankha chilembo imakuonetsani maonekedwe ena amene fonti ili nawo, zimene zimakometsa mayina a akwati pa khadi. Convert to curves imasandutsa zilembo kukhala zojambula, motero fonti singasowenso kwa wosindikiza. Sungani fayilo ina musanatero, chifukwa mawu osandutsidwa sakonzeka.

Zoopsa. Inapangidwira kujambula, ndipo kabuku ka nyimbo ka masamba 60 kamasanduka mtolo wa mabokosi ovuta kusintha. Fayilo ya Corel yatsopano sitseguka mu yakale pokhapokha mutaisunga m'mtundu wakalewo. Makope obedwa, amene ali ponseponse, amabwera ndi mavayirasi amene amafalikira pa ma flash a makasitomala.

Affinity

Mtengo. Kampani ya Serif ya ku Nottingham inatulutsa Affinity Publisher mu 2019 ngati pulogalamu yogula kamodzi. Canva inagula Serif mu 2024, ndipo mu October 2025 inaphatikiza mapulogalamu atatu a Affinity kukhala imodzi yaulere kwa amene ali ndi akaunti ya Canva.

Kupezeka. Ili pa Windows ndi pa Mac, koma imafuna kompyuta yamphamvu ndithu, ndipo pa laputopu ya RAM ya 4 GB imakhala yolemera. Fayilo yokopera ndi yaikulu.

Kasamalidwe. Bokosi lake la Typography limaonetsa zinthu zimene fonti yosankhidwayo ili nazodi, ndipo kwa munthu amene akuphunzira OpenType sindinaone njira yomveka kuposa imeneyi. Ili ndi CMYK, bleed, PDF/X, mawu a m'munsi mwa tsamba, ndi kusindikiza kabuku. Imatsegulanso mafayilo a IDML ochokera ku InDesign.

Zoopsa. Ntchito yanu imasungidwa m'mtundu wa fayilo umene mapulogalamu ena satsegula, ndipo malamulo a chinthu chaulere ali m'manja mwa mwini wake, amene wawasintha kale kamodzi m'zaka zochepa. Ine ndimasunga mawu a buku lililonse payekha m'fayilo wamba, pambali pa PDF yomaliza.

Adobe InDesign

Mtengo. Kuyambira mu 2013 Adobe sigulitsanso pulogalamuyi kamodzi, imangobwereketsa, pa mtengo woposa madola 20 pamwezi. Pamafunika khadi lolipirira kunja, ndipo m'nthawi ya kusowa kwa ndalama zakunja malipiro amatha kukanidwa. Kwacha itatsitsidwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wake m'makwacha unakwera tsiku lomwelo, pamene mtengo wa pologalamu ya maliro sungakwezedwe mwa njira imeneyo.

Kupezeka. Ndi imene nyumba zambiri zosindikiza mabuku ndi magazini zimagwiritsa ntchito, choncho wofuna ntchito m'malo otere ayenera kuidziwa. Imafuna kulumikizidwa pa intaneti nthawi ndi nthawi kuti itsimikizire laisensi.

Kasamalidwe. Ubwino wake weniweni pa Chichewa ndi Paragraph Composer, imene imayang'ana ndime yonse posankha pothera mzere uliwonse, m'malo moyang'ana mzere umodziumodzi. Ndi mawu athu aatali, kusiyana kwake kumaoneka ndi maso: mipata imagawidwa mofanana ndipo mdulamawu umafunika mwa apo ndi apo. Mukasankha No Language, kudula kwa Chingerezi kumasiya, ndipo mdulamawu wobisika umalowa ndi Ctrl, Shift ndi mdulamawu. Ma style a GREP, amene amafufuza mawu potsata lamulo limene mwawapatsa, amatha kupeza okha mawu onse a zilembo zazikulu zokhazokha n'kuwaika mu small caps, kapena kuletsa "K" kusiyana ndi nambala yake kumapeto kwa mzere. Pa buku la masamba 300 zimenezi zimapulumutsa masiku.

Zoopsa. Mukasiya kulipira, simungatsegulenso mafayilo anu mu InDesign, ndipo mafonti a Adobe Fonts amachoka. Mafonti amenewa sanyamulidwanso mu Package, foda ya mafayilo onse a ntchito yopita kwa wosindikiza. Kuyambira mu January 2023 Adobe inasiya kulandira mafonti akale a Type 1, choncho mabuku akale ena amafuna fonti yatsopano asanasindikizidwenso.

Canva

Mtengo wake ndi waulere pa zinthu zoyambira, koma kuika fonti yanuyanu ndi kutulutsa CMYK zili mbali yolipira. Imapezeka ngakhale pa foni, ndipo ichi ndicho chimene chaifalitsa pakati pa achinyamata. Kasamalidwe kake n'kosavuta, popeza zonse zimakhala pa intaneti, koma netiweki ikavuta, monga zimachitikira m'midzi ina ya m'mphepete mwa phiri la Mulanje, ntchito imaima. Choopsa n'chakuti mafonti ake ambiri okongoletsa alibe ŵ, ndipo ulamuliro wa munthu pa kadulidwe ka mawu ndi pa manambala ndi wochepa.

Njira iti kwa ndani

Mphunzitsi wokonza mayeso kapena timabuku towerenga ta ana akhale pa Word ngati ali ndi laisensi, kapena pa LibreOffice ngati alibe, agwiritse ntchito Andika pa makalasi oyambirira, ndipo asawongole ndime mbali ya kumanja, chifukwa mwana amene akuphunzira kuwerenga sayenera kukumana ndi mawu odulidwa.

Mlembi wa mpingo kapena wa gulu la alimi a tiyi, amene ntchito yake ndi mapologalamu, malipoti a chuma ndi kabuku ka nyimbo kopita pa fotokope, ndimamulangiza LibreOffice Writer ndi Charis. Matebulo ake ndi olimba kuposa a Scribus, manambala a tabular amafoletsa ndalama, small caps ndi zenizeni, ndipo komiti sidzafunika kupeza madola mwezi uliwonse. Akasinthidwa pa udindo, womulowa m'malo amangolandira flash yokhala ndi pulogalamu, mafonti ndi mafayilo onse mwalamulo.

Mwini malo osindikizira makhadi ndi zikwangwani sangaithawe CorelDRAW ngati makasitomala ndi anzake amamubweretsera mafayilo ake, koma agule yovomerezeka, ndipo ntchito ikapitirira masamba 8 aisamutsire ku pulogalamu yoyalira masamba. Ngati akungoyamba kumene ndipo kompyuta yake ndi yatsopano, Affinity imamupatsa kujambula, kukonza zithunzi ndi kuyala masamba pamalo amodzi popanda kulipira.

Wolemba buku lake loyamba, la mawu ambiri ndi zithunzi zochepa zakuda ndi zoyera, atha kumaliza zonse mu LibreOffice, bola adekhe n'kuyendera tsamba lililonse kuika mdulamawu wobisika pamene mipata yakula. Ngati bukulo lili ndi zithunzi za mitundu, monga la mbiri ya sukulu kapena la malo okopa alendo pa phiri la Mulanje, asankhe Scribus pa kompyuta yakale kapena yopanda intaneti yodalirika, ndi Affinity pa yamphamvu. Chikuto, ngakhale cha buku loyalidwa mu LibreOffice, chikonzedwe mu imodzi mwa ziwirizi chifukwa cha CMYK ndi bleed.

InDesign ndi yoyenera munthu amene amayala mabuku kapena magazini mwezi ndi mwezi, amene makasitomala ake, monga mabungwe ndi nyumba zosindikiza, amalipira mokwanira kuti ndalama ya laisensi ituluke mu ntchito imodzi, kapena amene amasinthana mafayilo ndi akonzi a ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Wa ntchito ya apo ndi apo adzalipira miyezi imene makina angokhala.

Amene ali ndi foni yokha ndipo akufuna chikalata cha tsamba limodzi cholengeza msonkhano wa makolo kapena mpikisano wa makwaya, Canva imukwanira. Asankhe fonti wamba monga Noto Serif kapena Open Sans m'malo mwa yokongoletsa, atulutse PDF osati chithunzi, ndipo akafika pa malo a fotokope apemphe kuti asindikize pepala limodzi loyamba, aliwerenge mpaka kumapeto, kenako alole kuti ena onse atuluke.